Timavu timene timalondera nzimbe

Munayamba mwasendapo nzimbe n'kupeza m'kati muli mofiira, mowawasa, muli kauna? Ameneyo ndi kapuchi. Mboziyi imaboola phesi n'kumadya m'kati, ndipo pabowo pamalowa nkhungu zimene zimaoletsa nzimbe, shuga n'kuchepa. Mlimi akapopera mankhwala, amangonyowetsa kunja. Mwini wakeyo ali phee m'kati.

Ku Brazil, dziko limene limalima nzimbe zambiri kuposa lina lililonse, vutoli analipezera njira m'zaka za m'ma 1970. Anabweretsa kamavu kotchedwa Cotesia flavipes, kamene kwawo ndi ku Asia. Musaganize za mavu aja amatiluma pakhonde, ayi. Aka n'kakang'ono ngati nyerere ndipo munthu sikamuluma.

Kakakazi kamatsata fungo la ndowe zimene mbozi imatulutsa pakhomo pa una wake. Kakalowa, kamabaya mboziyo n'kuikira mazira pafupifupi 40 m'thupi mwake. Pamodzi ndi mazirawo kamalowetsanso vairasi yofooketsa chitetezo cha m'thupi mwa mbozi, kuti mazira asaphedwe. Timphutsi tikaswa, timadya mboziyo m'kati idakali moyo. Pakatha pafupifupi milungu iwiri timatulukira pakhungu n'kuluka tizikwa toyera, mbozi ija n'kufa isanasanduke gulugufe woti akaikire mazira ena.

Lero ku Brazil kuli mafakitale oweta timavuti. Amatimwaza pafupifupi 6,000 pa hekitala imodzi, ndipo minda yolandira timavuti imakwana mahekitala mamiliyoni. Kuno ku Africa, bungwe la icipe linamasula kamavu komweka ku Kenya mu 1993 kuti kalimbane ndi kapuchi wa chimanga.

Ndiye tingotola chilombo chilichonse n'kukachitaya m'minda ya ku Nchalo kapena ku Dwangwa? Pepani, sizitero. Mu 1935 ku Australia anabweretsa achule akuluakulu ochokera ku Hawaii kuti azidya tizilombo ta nzimbe. Achulewo sanathandize kwenikweni. Anaswana n'kufalikira, ndipo poizoni wawo akupha njoka, abuluzi ndi nyama zina zimene zimawadya mpaka lero. N'chifukwa chake asayansi amayamba ayesa kwa nthawi yaitali kuti aone ngati mlendoyo angaphenso tizilombo tothandiza.

Mukapita kumunda, ng'ambani phesi la chimanga lobooka. Mukapeza tinthu toyera ngati thonje pambali pa mbozi yofooka, musatiphwanye. Alonda anu ndi amenewo.