Karachi wa mu Ms. Marvel anajambulidwa ku Bangkok

Ena mwa ophunzira athu anaonerapo Ms. Marvel, kanema wa zigawo 6 wa Disney+ wa mu 2022. Amanena za Kamala Khan, mtsikana wachisilamu wa ku Jersey City amene akupeza mphamvu zodabwitsa atavala chibangili chochokera kwa agogo ake. Ife tikambepo za gawo lachisanu, lomwe linatuluka pa 6 July 2022, chifukwa mmenemo mbiri yeniyeni yasakanikirana ndi nthano, ndipo woonera ayenera kutha kusiyanitsa.

Tiyambe ndi malo. Karachi amene timamuona Kamala atapita kwa agogo akewo si Karachi ayi. Zigawo 4 ndi 5 anazijambulira ku Bangkok, m'dziko la Thailand, mu 2021, mliri wa COVID-19 uli mkati.

Koma chipwirikiti cha pa siteshoni ya sitima, pamene Kamala akupezeka m'chaka cha 1947, si chopeka. Mu August chaka chimenecho, ulamuliro wa Britain ukutha, India inagawidwa ndipo dziko la Pakistan linabadwa. Anthu oposa 10 miliyoni anasiya makomo awo, Asilamu kulowera ku Pakistan, Ahindu ndi Asikh kulowera ku India, ndipo mazanamazana a zikwi anaphedwa. Amene anatsogolera kujambula gawoli ndi mayi Sharmeen Obaid-Chinoy a ku Karachi, omwe analandira Oscar kawiri, mu 2012 ndi 2016, chifukwa cha makanema a nkhani zoona. Iwo ndi mmodzi mwa oyambitsa Citizens Archive of Pakistan, bungwe losunga zokumbukira za okalamba amene anaona masiku amenewo ndi maso awo. Pokonza siteshoniyo anatsata zithunzi zenizeni za mu 1947: anthu odzaza mpaka padenga la sitima, mitolo pamutu, ana akusochera m'khamu. Kwa ife, apa ndi pamene gawoli lili ndi phindu, ndipo kalasi ya History ingakambiranepo.

Zinazo ndi nthano. Chibangili chopatsa mphamvu m'mabuku azithunzi a Marvel a mu 2014 munalibe. Anachita kuchiwonjezera okonza kanema. Anawonjezeranso gulu lomwe amalitcha Djinn, ndipo Asilamu ena oonera sanakondwe nalo dzinali. Makolo, pamenepa ndi pofunika kukhala pansi ndi ana aang'ono, chifukwa majini a m'kanemayu si amene amaphunzitsidwa ku madrasa.

Iman Vellani, amene anasewera ngati Kamala, anabadwiradi ku Karachi, koma anakulira ku Canada. Anali asanasewereko m'kanema wamkulu. Uthenga woti pakufunika wosewera anaulandira pa WhatsApp kuchokera kwa azakhali ake.