Kodi njinga yakale ingalandire mahandulo atsopano?

Ana inu a ku Mkanda, nyengo yokolola ikafika mumaziona njinga zamoto za matayala atatu zikudutsa pamsika zitasenza matumba a mtedza, soya kapena chimanga. Kutsogolo zimafanana ndi njinga ya kabaza, koma kumbuyo zili ndi matayala awiri ndi bokosi la katundu. Njinga zoterezi si za dzulodzuloli ayi. Ku Italy kampani ya Piaggio idayamba kupanga yake, yotchedwa Ape, mu 1948. Zambiri zimene timaziona kuno masiku ano zimachokera ku China ndi ku India, kwawo kwa kampani ya Bajaj.

Njinga ikakalamba, kapena ikagwera m'ngalande tsiku lamvula, mahandulo amapindika. Ena amadyedwa ndi dzimbiri. Mwini wake amakagula atsopano, kaya pa boma pa Mchinji, ku Lilongwe kapena kutsidya kwa malire ku Chipata, n'kupita nawo kwa makaniko. Inu mungaganize kuti ntchito yake ndi yongomasula mabawuti anayi, kuchotsa chitsulo chakale n'kuikapo chatsopano. Ikadakhala choncho bwenzi aliyense ali makaniko!

Choyamba makaniko amayeza kunenepa kwa chitsulocho. Mahandulo a njinga zambiri zing'onozing'ono ndi paipi ya mamilimita 22. Koma aliponso ena onenepa pakati, a mamilimita opitirira 28, ndipo amenewa sakwana pa chomangira cha njinga yakale. Akachepa, amagwedera. Akanenepa, chomangira sichitseka. Ena amathana nalo vutoli pokulunga kachidutswa ka chitini kuti mahandulo ochepa agwire. Amenewo ndi masewera oika moyo pachiswe, chifukwa tsiku lina pa bampu mahandulo adzatembenuka okha m'manja mwa woyendetsa.

Tsopano tiyeni tione utali wake, poti apa ndi pamene pagona nkhani. Njinga ya matayala awiri ikamakhota imapendekeka, ndipo thupi la woyendetsa limathandiza. Ya matayala atatu siipendekeka mwa dala. Imakhota ndi mphamvu ya manja basi, ndipo kumbuyo kukakhala matumba olemera, mikono imagwira ntchito ya kalavula gaga. N'chifukwa chake mahandulo ake amafunika otambalala. Kumbukirani pamjigo paja: mukagwira kumapeto kwa chogwirira, madzi amatuluka mosavuta, koma mukagwira pafupi ndi mutu wa mjigo mumatuluka thukuta. Mahandulo aafupi amaoneka okongola, koma pa njinga ya katundu amatopetsa mikono ndipo kukhota kumavuta.

Ndiye tingoika aatali kwambiri? Dikirani kaye. Pa mahandulo pamakhala zinthu zambiri. Kudzanja lamanja kuli chogwirira chopatsira moto ndi buleki ya kutsogolo. Kumanzere kuli kilatchi, hutala ndi batani la maindiketa. Chilichonse mwa izi chili ndi chingwe chake chopita ku injini, ku tayala kapena ku batire, ndipo zingwezo adazidula molingana ndi mahandulo akale aja. Mahandulo atsopano akatalika kapena akakwera m'mwamba, zingwe zimakokeka n'kuuma gwa.

Chingwe choopsa kwambiri ndi cha moto. Chikakhala chachifupi, woyendetsa akangokhotetsa mahandulo chimadzikoka chokha, injini n'kukuwa, njinga n'kulumpha pomwe iye amafuna kuyenda pang'onopang'ono pakona. Ndipotu njinga ya matayala atatu ikalowa pakona ndi liwiro, tayala limodzi lakumbuyo limanyamuka, katundu yense khuthu pansi. Makaniko wodziwa ntchito yake akamaliza kumanga amayatsa injini, njinga ili chiimire, n'kukhotetsa mahandulo mpaka kumapeto kumanja, kenako kumanzere, khutu lili tcheru. Kulira kwa injini kusasinthe. Kukasintha, chingwecho chidutse njira ina kapena pagulidwe chachitali. Amaonanso ngati mahandulo sakugunda thanki ya petulo kapena kupana zala za woyendetsa.

Pali kanthu kena kakang'ono kamene anthu ambiri sakadziwa. Mkati mwa kabokosi ka mabatani muli kamsomali kamene kamalowa m'kabowo ka pa mahandulo kuti kabokosiko kasamazungulire. Mahandulo ambiri atsopano amabwera opanda kabowoko, choncho makaniko amayeza n'kuboola. Waulesi amangothyola kamsomaliko, ndiye mawa woyendetsa akufuna hutala, batani lathawira pansi.

Mukapeza mpata, yang'anitsitsani mphira ziwiri zogwirira pa mahandulo zisanaikidwe. Kunja zimaoneka mapasa, koma ya kumanja ili ndi bowo lalikulupo, chifukwa imavala pa kapaipi kozungulira kopatsira moto, pamene ya kumanzere imavala pa chitsulo chenicheni. Poiveka sapakapo oyilo. Oyilo sauma, ndipo mphirayo ingavuke m'manja njinga ikuyenda.

Mwina wina afunsa kuti, bwanji osangowongola mahandulo akale aja ndi hamala? Yankho lipezeni nokha. Tengani waya wopangira galimoto zoseweretsa, mumupinde ndi kumuwongola pamalo amodzimodzi kangapo. Mumva pakutentha, kenako waya thyoo! Chitsulo chikapindidwa n'kuwongoledwa chimafooka, ngakhale kunja chioneke bwinobwino. Mahandulo owongola kapena owotcherera akhoza kuthyoka pamsewu wa mabampu, ndipo apa ine ndili mbali ya makaniko amene amakana ntchito yotere.

Choncho njinga yakale ikhoza kulandira mahandulo atsopano, bola kunenepa kugwirizane, zingwe zikwane, ndipo mabawuti amangidwe mosinthanasinthana kuti chomangira chigwire mofanana mbali zonse. Mukadutsa pa makaniko, perekani moni, mupemphe kuonerera, ndipo muime patali ndi paipi ya utsi chifukwa imaotcha. Funsani kuti, "Bambo, chingwe cha moto ndi chiti?" Koma kiyi ndi mahandulo musakhudze, zimenezo n'za akuluakulu okhala ndi laisensi.