Chamba cha kale, bodza la lero: zoona pofuna ntchito ya chitetezo

Bwalo la ndege la Kenneth Kaunda lili m'boma lathu la Chongwe, ndipo achinyamata ambiri a kuno amalakalaka ntchito kumeneko, ena usilikali kapena upolisi. Ntchito zotere salowa chilowelowe. Malamulo a ICAO, bungwe loona za ndege pa dziko lonse, amafuna kuti munthu wololedwa kuyenda yekha m'malo otetezedwa a bwalo la ndege ayambe wafufuzidwa mbiri yake. Mnyamata amene anasutapo chamba akamva zimenezi mtima umamuthamanga, ndipo malangizo amene amalandira kwa anzake si onse oona.

Ena amamuuza kuti chamba chinaloledwa mu 2021. Chimene chinaloledwa chaka chimenecho ndi kulima chamba cha mankhwala ndi cha m'mafakitale, kwa okhawo amene ali ndi laisensi. Wopezeka ndi mpukutu m'thumba, a DEC, bungwe lolimbana ndi mankhwala osokoneza bongo limene linayamba mu 1989, amamugwirabe, ndipo akapezeka wolakwa m'khoti mlanduwo umatsatira zidindo za zala zake akamakapempha kalata ya kupolisi.

Ena amati imwa madzi ambiri kutatsala tsiku limodzi, mkodzo uyera. THC, mphamvu ya m'chamba, imakhala m'mafuta a thupi ndipo imatuluka pang'onopang'ono: masiku ochepa kwa wolawa kamodzi, mwezi wathunthu kapena kuposa kwa wosuta tsiku ndi tsiku. Mkodzo wochuluka madzi a ku labu amauzindikira.

Koma chikhulupiriro chimene chimandidetsa nkhawa kwambiri ndi chakuti ngati sunamangidwepo, ungokana basi, palibe adziwe. Ndimamvetsa mantha ake. Ntchito ndi zosowa, ndipo mayi anagulitsa matumba a chimanga kuti mwana amalize giredi 12. Komabe taganizani chimene wofufuza akufuna kudziwa. Munthu amene anasuta ali pasukulu nasiya zaka zapitazo, atha kumuyeza: liti, kangati, anzake aja akuyenda nawobe? Wobisa ndiye amene amaopsa. Mnzake wosuta naye kuseri kwa msika akudziwa chinsinsicho, ndipo tsiku lina atha kubwera ndi kachikwama n'kunena kuti, "Kadutsitse aka pachipata, apo ayi ndikakuulula." Bodza limapatsa anthu ena chingwe chomukokera munthu amene wasunga makiyi kapena mfuti.

N'chifukwa chake ku America, kumene malamulo ofufuzira anthu otere analembedwa poyera, fomu ya ofuna ntchito zotere imafunsa za mankhwala osokoneza bongo pa zaka 7 zapitazo. Kusuta kwa kale amakuyeza poona nthawi imene yadutsa ndi umboni wa kusintha, pamene kunama pa fomuyo ndi mlandu wina pawokha.

Kunena zoona sikutsimikiza kuti ntchito mupeza. Nthambi iliyonse ili ndi muyezo wake, ndipo zina n'zokhwima. Koma wokanidwa lero chifukwa cha chamba cha kale amakhala ndi mpata woyesa kwina, pamene wochotsedwa chifukwa cha bodza dzina lake limaipa.

Inu amene mukusutabe, yambani ndi kusiya, fomu ibwere pambuyo. A DEC amapereka uphungu kwa ofuna kusiya, ndipo chipatala cha Chainama, chimene chimathandizanso anthu otere, chili pa msewu wa Great East. Inu makolo, mwana akakuululirani, musamuphunzitse chokabisa, muperekezeni kumeneko.