Manachesi akapsa kwa Nthache, ku Beijing maphunziro ayamba

Mwezi wa June ukalowa kwa Nthache ku Mwanza, mame a m'mawa amaluma zala, mitengo ya manachesi nayo itawerama ndi zipatso. Amayi amaunjika manachesiwo timilutimilu m'mbali mwa msewu wopita ku Zobue, kudikira oyendetsa mathiraki a ku Tete. Nthawi yomweyi ku Beijing kumakhala kukuwotcha kwadzaoneni, ndipo mayunivesite monga Beijing Language and Culture University amalandira alendo odzaphunzira Chitchaina kwa masabata ochepa chabe.

Mwana wa kwa Nthache angapezekeko? Njira ilipo, koma njokhotakhota. Malawi adayamba ubale ndi China mu December 2007, nthawi ya Bingu wa Mutharika, atasiyana ndi Taiwan. Pambuyo pake padabwera sukulu ya Chitchaina ya Confucius Institute ku Lilongwe, ya University of Malawi mogwirizana ndi University of International Business and Economics ya ku Beijing. Ambiri amayambira kumeneko: amaphunzira, amalemba mayeso a Chitchaina a HSK, ena nkulowa mpikisano wa Chinese Bridge, ndipo ochita bwino ndiwo amaganiziridwa mwayi wopita ku China ukapezeka. Wochokera ku Mwanza ndiye kuti atsike ku Zalewa, akwere basi ya ku Lilongwe, apeze pogona, asanayambe nkomwe kuganiza za pasipoti ndi ndege yodzera ku Addis Ababa. Wa ku Area 25 ku Lilongwe komweko amangokwera minibasi.

Chonsecho mwana wa kwa Nthache khutu la chiyankhulochi ali nalo kale. Anthu amaopa Chitchaina ati chifukwa mawu amasintha tanthauzo malinga ndi mmene wakwezera kapena kutsitsa liwu. Nanga ife sitichita zomwezo? Mtengo wa manachesi wozika mizu kumunda ndi mtengo wa manachesi wokambirana pamsika timalemba chimodzimodzi, koma pakamwa palibe amasokoneza. Atchaina ali ndi makwezedwe anayi. Mawu akuti mai ukawatsitsa nkuwakwezanso ndiye kugula. Ukawagwetsa mwamphamvu, ngati ukukalipira mbuzi yolowa m'dimba, wanena kugulitsa. Wamalonda akaphonya apa, katundu wapita. Ndipotu anthu a m'malire muno sachita nacho manyazi chiyankhulo cha eni. Chipwitikizi cha pamsika amachitola ali ana, powerengera ndalama za metikali.

Pamene pamavuta mpa zilembo. Pinyin, kalembedwe kogwiritsa ntchito zilembo zathu zomwezi kamene China idavomereza mu 1958, kamangokugwira dzanja masiku oyamba. Ukatuluka m'kalasi, zikwangwani zonse zili m'zilembo zawo, chilichonse ndi timizere take tolemba mwa ndondomeko. Gawo loyamba la HSK linkafuna mawu 150, lachinayi 1,200. Masabata anayi sangakufikitse pachinayipo, ngakhale utagona ndi buku kumutu.

Zimene masabatawo amapereka nzina. M'mawa kalasi, masana kugula chakudya wekha popanda womasulira, kunenerera mtengo ndi wogulitsa zipatso amene sadziwa ngakhale liwu limodzi la Chingerezi. Mpunga umaterereka patimitengo tiwiri todyera, nsima ukuilota. Kwanu akakuimbira foni atamaliza mgonero, iwe kuli pakati pa usiku, poti Beijing ili patsogolo ndi maola 6.

Pobwerera mu August, manachesi kwa Nthache amakhala akupita kumapeto, mphepo yafumbi itayamba kuwomba.