Chuma cha CHAM Ndi Moyo wa Anthu a Kumudzi

Bungwe la zipatala za mipingo, limene linakhazikitsidwa m'chaka cha 1966 ndi dzina lakuti PHAM ndipo lero likutchedwa CHAM, silichita malonda. Komabe mankhwala ndi mafuta a ambulansi amalira ndalama.

Zipatala monga Nkhoma, Ekwendeni ndi Mulanje Mission zimadalira ndalama zimene odwala amapereka, mphatso za abwenzi akunja, ndiponso Boma, lomwe limalipira ogwira ntchito m'zipatalazo. Kuyambira 2006 Boma limabwezanso ndalama za amayi oyembekezera othandizidwa ulere. Ndalamazi zikachedwa, ngongole imakula, mankhwala amatha, ndipo wovutika ndi mayi wa kumudzi.

Choncho tikupempha akuluakulu a Boma kuti azilipira msanga, nawonso oyang'anira zipatala azisunga mabuku a ndalama mokhulupirika. Mutu umodzi susenza denga.