Kanthu kobisika m'chitini cha nsomba

Mukatsegula chitini cha nsomba zamafuta, m'kati mwake mumaoneka utoto wopyapyala, woyera kapena wagolide. M'zitini zambiri utotowu ndi wa epoxy, ndipo ntchito yake ndi kutchinjiriza chitsulo kuti chisachite dzimbiri n'kuononga chakudya. Koma muutoto womwewu mumabadwanso kanthu kena komwe opanga sanakafune.

Epoxy amapangidwa pophatikiza mankhwala awiri, bisphenol A, wodziwika kuti BPA, ndi epichlorohydrin. Awiriwa akagwirana amapanga timizere tatitali, ndipo utoto ukamaotchedwa kufakitale timizereto timalumikizana n'kuuma gwa. Nthawi zina kamzere kena kamapindika, nsonga zake ziwiri n'kugwirana zokhazokha, n'kukhala kanthu kozungulira ngati nkhata. Akatswiri amakatcha cyclo-di-BADGE.

Vuto lagona pa kuzungulirako. Nsonga zija zikatsekeka, kanthuka sikamangika bwino ku utoto wonse, choncho kamatha kutayikira m'chakudya. Kali ndi maatomu 36 a carbon, 40 a hydrogen ndi 6 a oxygen, ndipo kamapezeka m'mitundu iwiri, cis ndi trans. Sikagwirizana ndi madzi koma kamasungunuka m'mafuta, n'chifukwa chake nsomba zoviikidwa m'mafuta ndizo zimakhudzidwa kwambiri.

Mu 2013 akatswiri a labotale ya boma yoyeza zakudya ku Zurich, m'dziko la Switzerland, anafalitsa njira yoyezera kanthuka pamodzi ndi kuchuluka komwe anakapeza m'zakudya zam'chitini. Mu 2016 bungwe la BfR, loona za ngozi za m'zakudya ku Germany, linati umboni wa momwe kamakhudzira thupi unali wosakwanira kuti lipereke chigamulo chomaliza.

Komabe maso a anthu ambiri akhala ali pa BPA, osati pa kanthuka. Mu 2023 bungwe la EFSA, loona za chitetezo cha zakudya ku European Union, linatsitsa kwambiri mlingo wake womwe munthu angalandire patsiku popanda chiopsezo, ndipo mu Disembala 2024 European Union inaletsa BPA m'zinthu zokhudza chakudya, n'kupatsa makampani nthawi yoti asinthe.

Izi n'zoyamikirika, koma utoto uliwonse wolowa m'malo mwa epoxy ungathenso kubala zake zosayembekezeka. Choncho oyeza asamangowerenga mndandanda wa zomwe fakitale inathira. Azifufuza zomwe zikutulukadi m'chitini n'kulowa m'mimba mwa wogula, amene alibe njira yodziyezera yekha.