Chifukwa chiyani odwala ena amangobwererabwerera kuchipatala?

M'wodi iliyonse ya odwala maganizo muli anthu amene anamwino amawadziwa dzina asanatsegule n'komwe fayilo. Amabwera nawo usiku atamwa mankhwala opopera thonje kapena atadzicheka pamkono. Akagona masiku angapo mtima umakhala m'malo, amatulutsidwa, koma mwezi usanathe abale afika nawonso. Ambiri mwa anthu otere ali ndi vuto limene m'mabuku athu limatchedwa borderline personality disorder. Kuwodi amatopa nawo, kumudzi amatopa nawo, ndipo mapeto ake onse amagwirizana chimodzi: munthuyu ndi wovuta, sadzachira, amachitira dala. Ine amene ntchito yanga ndi kuona odwala maganizo ndikukana mawu amenewa. Ndikunena kuti kubwerera kwa wodwalayu kumakonzeka m'masabata oyamba atangotuluka pageti la chipatala, nthawi imene ife achipatala timamutaya m'manja.

Vutoli si misala imene anthu amaidziwa, ya kuvula zovala ndi kutola zinyalala. Munthu wake amalima, amagulitsa pamsika wa Kapata, amaimba kwaya. Chimene chimamuzunza ndi mtima wosachedwa kuyaka koma wochedwa kuzizira. Mawu amene wina angawaiwale pofika madzulo, iye amamulasa mpaka kuona ngati moyo watha. Amaopa kwambiri kusiyidwa, moti amene ankamutamanda m'mawa angamude madzulo chifukwa chosayankha foni. Amadzimva wopanda kanthu m'kati, amachita zinthu mopupuluma, ndipo ululu ukafika pachimake amadzivulaza kuti aupepuze. Dokotala wa ku America, Adolph Stern, ndiye anayamba kulemba za odwala otere mu 1938, ndipo vutoli linalowa m'buku lalikulu la matenda a maganizo la kumeneko mu 1980. Kafukufuku wa ku Ulaya ndi ku America amasonyeza kuti limagwira munthu mmodzi kapena awiri pa anthu 100 alionse, koma m'mawodi a odwala maganizo limapezeka mwa wodwala mmodzi pa asanu. Gwero lake ndi chibadwa chosachedwa kukhudzidwa chikakumana ndi ubwana wowawa: kumenyedwa, kugwiriridwa, kapena kukulira m'manja mosinthasintha popanda womvetsera.

Ofufuza akamaunika mafayilo a odwala amene amagonekedwa mobwerezabwereza, zinthu zomwezomwezo ndi zimene zimatulukira. Amene anagonekedwapo kangapo ndiye amabwereranso msanga, chimodzimodzi amene anayesapo kudzipha. Mowa ndi chamba zimawonjezera ngozi, monganso matenda ovutika maganizo ndi mabala a nkhanza za paubwana. Pamwamba pa izi pali kusowa ntchito, kusowa munthu womudalira kunyumba, ndi kusaonedwanso ndi wachipatala atatuluka. Zakale sitingazifafanize, koma tayang'anani zotsalazo, pafupifupi zonse zili kunja kwa mpanda wa chipatala. Tiyerekeze mtsikana wa ku Chiparamba amene watulutsidwa ku Chipata Central Hospital atapatsidwa tsiku lodzaonedwanso pakatha mwezi. Akubwerera m'nyumba yomweyo mmene munayambira mkangano, kwa anthu amene tsopano akumuopa kapena kumunyoza kuti wachititsa manyazi banja. Ndalama ya galimoto yobwerera ku Chipata ikupikisana ndi ya feteleza, ndipo ngati ndi dzinja palibe amene angasiye kupalira kuti amuperekeze. Botolo la mankhwala a thonje likadali pakona pomwe linali. Madokotala padziko lonse amadziwa kuti masabata oyamba munthu atatuluka m'wodi ya odwala maganizo ndi amene ngozi ya kudzipha imakwera kwambiri, n'chifukwa chake ku England anakhazikitsa lamulo loti wodwala aonedwe pasanathe maola 72. Ife timamuuza kuti tionana mwezi wamawa, kenaka timadabwa akabwera pa machira.

Abale ambiri amati yankho ndi losavuta: musungeni nthawi yaitali, kapena mutumizeni ku Chainama achire kotheratu. Ndimamvetsa kutopa kumene kumabala mawu amenewa. Koma chipatala cha Chainama Hills chili ku Lusaka, mtunda woposa makilomita 500 kuchokera kuno ku Chipata, kutali ndi anthu onse amene wodwalayo ayenera kuphunzira kukhala nawo. Vuto lake limayaka pakati pa iye ndi mwamuna wake, mayi ake, apongozi ake. M'wodi mulibe anthu amenewa, n'chifukwa chake amaoneka wochira. Zili ngati kuchotsa mphika pamoto n'kunena kuti waleka kuwira, chonsecho mukuubwezera pamafuwa omwewo. Pali chinanso choopsa: munthu akaona kuti anthu amamumvera pokhapokha wadzivulaza, chipatala chimakhala chikumuphunzitsa njira yolakwika yopemphera thandizo. Katswiri wa ku Canada, Joel Paris, wakhala akuchenjeza za zimenezi kwa zaka zambiri. Sindikunena kuti bedi n'losafunika. Kafukufuku wa ku Montreal amene anatsata odwalawa kwa zaka 27 anapeza kuti pafupifupi mmodzi pa khumi alionse anadzipha, choncho moyo ukakhala pangozi munthu agonekedwe ndithu. Koma kukhale kwa masiku ochepa, cholinga chake chodziwika, ndipo za kutuluka zikambidwe kuyambira tsiku lolowa. Ku Netherlands ndi ku Sweden anafika polola odwala otere kudzipempha okha bedi kwa masiku awiri kapena atatu akaona kuti zinthu zikuipa, asanadzivulaze. Lamulo lathu la ku Zambia la Mental Health Act la 2019, limene linalowa m'malo mwa lamulo la nthawi ya atsamunda, nalonso limafuna kuti thandizo lizipezeka pafupi ndi kumene munthu amakhala.

Za mankhwala ndinena mwachidule. Palibe piritsi lochiza vutoli. Malangizo a bungwe la NICE la ku Britain a mu 2009 amati mankhwala asaperekedwe pofuna kuchiza vuto lenilenili, ndipo oziziritsa mtima pa nthawi yovuta asapitirire sabata imodzi. Komabe wodwala akamabwererabwerera, dokotala aliyense amawonjezera lake, mpaka munthu amatuluka ndi thumba la mapiritsi. Ena mwa iwo, monga amitriptyline, amapha munthu akamwa ambiri nthawi imodzi. Ngati pali matenda ena ofunika mankhwala, aperekedwe pang'onopang'ono ndipo asunge ndi wachibale.

Mawu amene amandipweteka kwambiri ndi akuti amangofuna kuti anthu amuone, sadzasintha. Nthawi zina amatuluka pakamwa pa ife eni ake ovala zoyera. Umboni ukutsutsa. Mary Zanarini ndi anzake a pachipatala cha McLean ku America anatsata odwala 290 amene anagonekedwapo ndi vutoli. Patatha zaka 10, odwala 93 pa 100 alionse anali atakhalapo zaka ziwiri zizindikiro zitazilala, ndipo theka anali atafika pokhala bwino ndi anthu komanso kugwira ntchito kapena kuphunzira. Ziwerengero ziwirizi zikusiyana, ndipo kusiyanako kukutiuza kuti kudzicheka kumatha msanga kuposa kusowa pogwira, choncho munda, bizinesi yaing'ono kapena kubwerera kusukulu ndi mbali ya chithandizo. Mu 1991 Marsha Linehan wa ku Seattle anasonyeza kuti njira yake yophunzitsa odwala kupirira ululu wa mumtima ndi kulamulira mkwiyo, yotchedwa DBT, inachepetsa kudzivulaza ndi masiku ogona m'chipatala. Mu 1999 Anthony Bateman ndi Peter Fonagy ku London anapeza zofanana ndi njira yawo ina. Matenda amene amamva chithandizo chotere sangatchedwe khalidwe loipa chabe.

Tsopano pali funso limene ndi lolemera kuposa onse: zonsezi ndi za ku Seattle ndi ku London, nanga ku Kasenengwa akatswiri a DBT tiwatenga kuti? N'zoona, tilibe, ndipo madokotala a maganizo m'dziko lonse la Zambia ndi ochepa kwambiri, ambiri ali ku Lusaka. Koma mu 2009 kafukufuku wa Shelley McMain ku Toronto anayerekeza DBT ndi chisamaliro wamba chokonzedwa bwino, chimene wodwala amaonana ndi wachipatala mmodzi yemweyo nthawi zoikika, ndipo magulu onse awiri anapeza bwino mofanana. Phunziro lake n'lakuti mphamvu yaikulu ili m'kusadukiza ndi m'kukhala ndi munthu mmodzi wodziwa nkhani yako, amene sakuthawa ukakwiya. Izi namwino kapena clinical officer wa pakiliniki ya kumudzi angazichite ataphunzitsidwa ndi kuyang'aniridwa. Ku Zimbabwe, Dixon Chibanda anaphunzitsa agogo aakazi kupereka uphungu pabenchi la pakiliniki, ndipo zotsatira zimene zinafalitsidwa mu 2016 zinali zabwino. Ntchito imeneyo inali ya matenda ovutika maganizo, osati vuto lathuli, choncho tisaitamande mopitirira, koma yaonetsa kuti uphungu sufuna digiri nthawi zonse. Za poizoni nazo tili ndi chitsanzo: dziko la Sri Lanka litaletsa mankhwala a m'munda oopsa kwambiri, chiwerengero cha odzipha chinatsika ndi pafupifupi 70 pa 100 alionse pakati pa 1995 ndi 2015. Maganizo odzipha mwa odwala athuwa amabwera mwamphamvu koma sakhalitsa, ndipo loko wa pabokosi la mankhwala a thonje angamupulumutse munthu pa ola loipalo.

Kwa inu makolo, amalume ndi azakhali amene mumaperekeza odwala otere: kupita kumapemphero sindikuletsani, koma musachoke pawodi musanauzidwe dzina la wachipatala amene adzamuone mwana wanu pakiliniki ya kwanu sabata isanathe. Pemphani kuti zoyenera kuchita zinthu zikavuta zilembedwe papepala m'chinenero chathu, wodwalayo ali pomwepo ndipo akuvomereza. Mankhwala a thonje ndi a makoswe achoke m'nyumba iye asanafike. Usiku ukavuta, nambala 933 ya aphungu a Lifeline ndi yaulere, ndipo ya ana ndi 116.